Mchenga wa Namib ndi Eni Ake



Ife tinabadwira m'dziko la khasu. Malo timawayesa ndi zimene angabereke: apa pangachite chimanga, apo mpunga, uko n'kodyetsera mbuzi. Malo amene khasu silingapindulepo timangoti ndi achabe. N'chifukwa chake munthu wa kwathu akaona chithunzi cha mapiri a mchenga a ku Namibia amayamba wagoma ndi kukongola kwake, kenako n'kunena kuti, "Komatu kulibe kanthu kumeneku." Mawu amenewa ndi amene ndabwera kudzatsutsa madzulo ano. Mchenga umenewu uli ndi eni ake, ndipo ambiri mwa eniwo simungawapeze kwina kulikonse pa dziko lapansi. Komanso ndikufuna muone kuti chilichonse chimene chimawasunga ndi moyo, kaya madzi, kaya chakudya, ngakhale mchenga weniweniwo, chimachita kubwera kuchokera kutali.

Chipululu cha Namib chagona m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kuyambira kummwera kwa Angola, kutsata gombe lonse la Namibia, mpaka kulowa mu South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000. Akatswiri a miyala amati derali lakhala losowa mvula kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, ndiye zamoyo za kumeneko zakhala ndi nthawi yokwanira yozolowera. Si chipululu chonse chimene chili mchenga ayi. Mbali ina ndi zigwa za timiyala, ina ndi mapiri a matanthwe. Koma kuchokera chakufupi ndi tauni ya Lüderitz kukafika ku mtsinje wa Kuiseb kuli mchenga wokhawokha. Derali limatchedwa Namib Sand Sea, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse m'chaka cha 2013. Kukula kwake ndi mahekitala opitirira 3 miliyoni, pafupifupi Chigawo chonse cha Kummwera kwa Malawi. Mapiri ena a mchenga kufupi ndi Sossusvlei amatalika kupitirira mamita 300. Mvula ya ku gombe, monga ku Walvis Bay, sikwana n'komwe mamilimita 20 pa chaka, imene ku Lilongwe imatha kugwa masana amodzi a mu Januwale.

Mchenga wonsewo unachokera kuti? Ambiri amayesa kuti ndi matanthwe a pomwepo amene anaperepeseka. Sichoncho. Wochuluka unabwera ndi mtsinje wa Orange, umene gwero lake lili m'mapiri a Lesotho, n'kuyenda makilomita opitirira 2,000 kukathira m'nyanja pa malire a Namibia ndi South Africa. Ukafika m'nyanja, mafunde amaukankhira kumpoto motsata gombe, n'kuutaya pamtunda, ndipo mphepo ya kummwera imaunyamula kulowa nawo m'kati mwa dziko. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 anaonetsa kuti mchenga umatha zaka zosachepera miliyoni imodzi uli pa ulendo wodutsa dera limeneli. Wa kugombe ndi woyererako. Wa m'katikati ndi wofiira, chifukwa kanthongo kalikonse kanakutidwa ndi dzimbiri la chitsulo m'kupita kwa nthawi. Njira yomweyi ya mtsinje ndi mafunde ndi imene inabweretsanso miyala ya dayamondi, ndipo nkhani ya miyalayi tiipeza kutsogoloku.

Tsopano tiyandikire phiri limodzi la mchenga, poti moyo wa kumeneko suoneka munthu ali patali. Phiri lotere lili ndi mbali ziwiri zosiyana kwambiri. Mbali yoyang'ana kumene mphepo ikuchokera ndi yotsetsereka pang'onopang'ono, ndipo mchenga wake ndi wolimba moti munthu amayendapo bwinobwino. Mphepo imakwereza mchenga mpaka pamsonga, n'kuugwetsera kuseri. Kuseriko ndi kotsetsereka kwambiri, madigiri pafupifupi 33, ndipo mchenga wake ndi wosagwirana: mukapondapo phazi limamira, ndipo wa pamwamba umakokolokera pansi. Mchenga wofewawu uli ndi mipata ya mpweya pakati pa timinthongo take, chifukwa fumbi ndi dothi zinaulutsidwa kale. Kanyama kangathe kudumphiramo, kukwiririka konse, n'kumapumabe. Masana pamwamba pa mchenga pamatentha kupitirira madigiri 60. Mukakumba kuya kwa dzanja limodzi mupeza pofunda chabe. Kwa chamoyo chachikulu ngati chala changachi, kusiyana kwa imfa ndi moyo kuli pa masentimita ochepa okha.

Nanga chakudya? Pa mchenga woyendayendawu sipamera zambiri. Apa mphepo imagwira ntchito ya mayi wopeta pa lichero. Nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kumaomba chimphepo chotentha chochokera kum'mawa, kumtunda kumene kuli udzu. Chimabwera ndi zidutswa za udzu wouma, njere, timasamba, ndowe zouma, mitembo ya tizilombo. Chikadutsa pamsonga pa phiri chimafooka, zolemera zimatsalira, ndipo mankhusu opepukawa amaunjikana m'munsi mwa mbali yotsetsereka ija. Amenewo ndiwo munda wa m'chipululu. Zikumbu, chiswe, nyerere ndi tizilombo tina zimadya pamenepo. Mwa apo ndi apo kumagwa mvula yeniyeni, monga zinachitikira mu 1976, mu 2006 ndi mu 2011. Zikatero njere zimene zinagona mumchenga zaka zambiri zimamera, zigwa za pakati pa mapiri zimadzaza udzu, udzuwo n'kuuma. Nkhokwe ya chaka chimodzi chotere imadyedwa kwa zaka zambiri zotsatira.

Chakudya chouma gwaa chotere sichimezeka popanda madzi, ndiye tafika pa nkhani imene inatchukitsa Namib. Nyanja ya kugombe limeneli ndi yozizira, chifukwa cha mkokomo wa madzi wotchedwa Benguela, umene umayenda kuchokera kummwera, komanso madzi ozizira a pansi pa nyanja amene amatumphukira pamwamba. Kuzizira kumeneku ndi kumene kumaletsa mvula, poti mpweya wozizira sukwera m'mwamba kukapanga mitambo ya mvula. Koma kuzizira komweko n'kumene kumabala nkhungu. Mpweya wachinyezi ukadutsa pa madzi ozizira umasanduka chifunga, ndipo usiku chifungacho chimalowa kumtunda makilomita makumi angapo. Kugombe zimenezi zimachitika masiku opitirira 100 pa chaka. Dzuwa likakwera pang'ono chimabalalika. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo kumeneko wochedwa kudzuka amapeza mlendoyo atapita.

Pa malire a mchenga, m'mbali mwa mtsinje wa Kuiseb, pali malo ochitira kafukufuku otchedwa Gobabeb. Anawayambitsa mu 1962 ndi Charles Koch, katswiri wa tizilombo wobadwira ku Austria, amene anazizwa ndi kuchuluka kwa mitundu ya zikumbu m'dziko lopanda mvula. M'chipululu cha Namib muli mitundu yopitirira 200 ya zikumbu za banja limodzi lokha, zija zakuda zoyenda pansi. Pambuyo pake malowa anawatsogolera kwa zaka zambiri ndi mayi Mary Seely. Mu 1976 mayiwa pamodzi ndi William Hamilton anafalitsa zimene anaona pa chikumbu chotchedwa Onymacris unguicularis, ndipo ndikupemphani kuti tichedwepo pang'ono pa kachirombo kameneka.

Ndi kakuda, kosalala, kotalika masentimita awiri okha. Kamayenda masana, kufunafuna chakudya pa mbali yotsetsereka ija, ndipo usiku kamagona kokwiririka mumchenga. Koma usiku wa nkhungu kamatuluka, nthawi imene kunja kukuzizira moti miyendo yake imachita kukanika kuyenda. Kamakwera pang'onopang'ono mpaka pamsonga pa phiri, pamene chifunga chimawomba kwambiri. Kakafika kamayang'ana kumene mphepo ikuchokera, n'kuweramitsa mutu pansi, n'kutukula kumbuyo m'mwamba, n'kuima chomwecho osasuntha. Chifunga chimagunda pamsana pake, timadontho timakumana n'kupanga dontho lalikulu, dontho lija limatsetsereka kutsata msana mpaka kukamwa. Usiku wabwino kamatha kumwa madzi olemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake. Taganizirani zimene kayika pa chiswe: kachoka pobisala, kafooka ndi kuzizira, kaima poyera pamene chilichonse chanjala chingakaone. Kamatero chifukwa chitsime china kalibe.

Chikumbu china, chamtundu wa Lepidochora, chophwatalala ngati batani, chili ndi nzeru ina. Icho chimakumba ngalande yaing'ono pamchenga, mopingasa njira ya mphepo ya nkhungu. Timizere ta mchenga tokwera m'mbali mwa ngalandeyo timagwira chinyezi chochuluka kuposa mchenga wozungulira. Chikamaliza chimabwerera m'ngalande momwemo, chikuyamwa madzi m'timizere tija. Mwaona kuti pa phiri limodzi, usiku umodzi, vuto limodzi lathetsedwa m'njira ziwiri. Ndipo madzi akalowa m'thupi, zikumbuzi siziwataya wamba. Zinasiya kuuluka kalekale. Mapiko akunja anamatirirana n'kukhala chigoba chimodzi, ndipo kunsi kwake kuli kachipinda ka mpweya kumene timabowo topumira timatsegukira, kotero kuti chinyezi cha mpweya wopuma sichithawira kunja msanga. Zina zili ndi miyendo italiitali yonyamula thupi kulichotsa pamchenga wotentha. Zina zili ndi msana woyera, chinthu chosowa kwambiri pakati pa zikumbu.

Akatswiri opanga zipangizo akhala akuyesa kutengera msana wa zikumbu za ku Namib kuti apange nsalu ndi maukonde okolola madzi mumpweya, ndipo nkhani imeneyi ndi imene manyuzipepala amaikonda. Ine sindiikana, koma imandidetsa nkhawa pang'ono. Imaphunzitsa ana kuti chamoyo n'chofunika pokhapokha chikatipatsa kanthu kogulitsa. Chikumbu chija chinali chofunika kale asanabwere munthu ndi makina ake oonera zinthu zing'onozing'ono, chifukwa pa phiri la mchenga icho ndicho mtsuko wa anzake. Bilimankhwe wa m'chipululu, amene amayenda pansi osati m'mitengo, akadya chikumbu wamwa madzi. Buluzi akadya kachirombo wamwa madzi. Njoka ikameza buluzi yamwa madzi. Nkhungu ya usiku umodzi imadutsa m'mimba zitatu kapena zinayi.

Zomera zochepa zimene zimapirira pamchengapo nazonso zimadalira chifunga. Pali udzu wolimba wotchedwa Stipagrostis sabulicola, umene umamera m'zitsotso zazikulu. Masamba ake ndi oongoka, okhala ndi timizere, ndipo amagwira chifunga n'kutsitsira madontho patsinde, pamene mizu yoyanza pafupi ndi pamwamba imawalandira. Chitsotso chilichonse chimasanduka mudzi: pansi pake pali mthunzi, chinyezi, chiswe, nyerere, mphutsi za zikumbu. Mbalame yaing'ono yofiirira ngati mchengawo, yotchedwa dune lark, imamanga chisa m'munsi mwa zitsotso zimenezi, ndipo madzi ake imawapeza m'tizilombo ndi njere zimene imadya.

Dzuwa likakwera, nkhani imasintha kuchoka pa ludzu kupita pa moto. Pali buluzi wamng'ono wa mphuno yosongoka ngati fosholo, dzina lake la sayansi Meroles anchietae, amene amakhala pa mbali yotsetsereka yomwe ija. Mchenga ukayamba kuotcha, iye amatukula mwendo umodzi wakutsogolo ndi umodzi wakumbuyo wa mbali inayo, n'kuima ndi iwiri yotsala, mchira ukuthandizira. Pakapita kamphindi amasinthanitsa. Alendo amati akuvina, koma iye akupoza mapazi. Pakatentha mopitirira, kapena khwangwala akadutsa, amadumphira mumchenga chamutu, kugwedeza thupi kawiri katatu, basi wasowa. Zala zake zili ndi mamba otambalala m'mbali omuthandiza kuthamanga osamira, ndipo chibwano chake cham'munsi chinalowa m'kati kuti mchenga usalowe m'kamwa.

Amene amamudikirira ndi kanjoka ka mtundu wa mphiri, Bitis peringueyi, kamene kawirikawiri sikakwana n'komwe masentimita 30. Kamayenda cham'mbali, thupi likukhudza pansi malo awiri okha nthawi imodzi, n'kusiya mizere yopendekera yotsatizana pamchenga. Kakafuna kusaka kamadzigwedeza mpaka kukwiririka, n'kutsala maso okha, amene ali pamwamba pa mutu osati m'mbali. Nthawi zina kamatulutsa nsonga ya mchira n'kumaigwedeza ngati mphutsi, buluzi n'kubwera yekha. M'mawa wa nkhungu kamaphwatalitsa thupi n'kumanyambita madontho okhala pa mamba ake. Usiku kumatuluka nalimata wa khungu lopyapyala loonekera m'kati, amene zala zake n'zolumikizana ndi kachikopa ngati za bakha. Amakumbira nazo una, amayendera nazo pamchenga wofewa, ndipo popeza alibe zikope, amanyambita maso ake ndi lilime.

Koma mwa onsewa amene ine amandigwira mtima ndi mfuko ya mumchenga, Eremitalpa granti. Ndi kanyama koyamwitsa kokwana m'chikhatho, ka ubweya wonyezimira. Maso ake anakutidwa ndi khungu, sikaona chilichonse. Makutu akunja kalibe. Sikakumba una wokhalitsa, poti mchenga umagumukira kumbuyo kwake, ndiye kamangosambira mumchengamo. Usiku kamatuluka n'kumayenda pamwamba, mtunda wautali zedi poyerekeza ndi msinkhu wake, kuchoka pa chitsotso china cha udzu kupita pa china, kufuna chiswe. Funso limene linavutitsa akatswiri linali lakuti, kanyama kakhungu kamadziwa bwanji kumene kuli chitsotso? Mapazi ake akamalondoledwa m'mawa, amaoneka kuti sikangoyenda chisawawa, ndipo pakapita mamita angapo pamakhala kadzenje pamene kanaviika mutu mumchenga. Kafukufuku wochitikira ku Gobabeb m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti mphepo ikamawomba udzu, chitsotso chimatumiza kunjenjemera kwapansipansi kudzera mumchenga. M'khutu la mfukoyi muli kafupa kakakulu modabwitsa kamene kamamva kunjenjemerako. Kakaviika mutu ndiye kuti kakumvetsera pansi. Kakayandikira, kamamvanso phokoso la chiswe chenichenicho. Zikutanthauza kuti kwa kanyamaka, mchenga ndi nyumba, ndi msewu, ndiponso ndi khutu.

Za kangaude wotchedwa Carparachne aureoflava ndingonena mwachidule. Mdani wake ndi mavu amene amakumba una wake kuti amubaye n'kumuikira dzira. Akafukulidwa, kangaudeyu amapinda miyendo, n'kugona cham'mbali, n'kugubuduka kutsika phiri pa liwiro la mita imodzi pa sekondi. Popanda kutsetsereka kwa mchenga njira imeneyi singagwire ntchito. Nyama zazikulu ziliko, koma n'zochepa: nkhandwe, fisi wofiirira wa kugombe, nthiwatiwa, ndi gemsbok, ya nyanga zazitali zoongoka, imene imatha miyezi osamwa madzi. Iyo imadya usiku udzu utayamwa chinyezi, ndipo masana otentha imakwera pamsonga pa phiri kukapeza kamphepo. Mukaona chizindikiro cha boma la Namibia mupezapo gemsbok ziwiri, mchenga wa Namib pansi pake, ndi nkhwazi pamwamba, yomwe ija ili pa chizindikiro cha Malawi ndi cha Zambia.

Ndanena kuti mchenga umayenda kupita kumpoto. Chimauimitsa n'chiyani? Mtsinje wa Kuiseb. Pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga malire ake amaoneka ngati odulidwa ndi mpeni: kummwera kofiira, kumpoto kotuwa. Mtsinjewu umakhala wouma pafupifupi chaka chonse. Mvula ikagwa kumapiri a kufupi ndi Windhoek, madzi amatsika kwa masiku ochepa n'kukokolola mchenga wonse umene unayamba kuwoloka. Kawirikawiri safika n'kunyanja komwe, amangomira pansi. Madzi apansiwa ndi amene amasunga mzere wa mitengo pakati pa chipululu, ndipo umodzi mwa mitengo yake ikuluikulu mumaudziwa bwino: msangu, womwe uja timausiya m'munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja. Kumeneko nyemba zake zimadyetsa gemsbok ndi mbuzi za anthu.

Inde, kuli anthu. M'mbali mwa Kuiseb mumakhala a Topnaar, nthambi ya mtundu wa Anama, ndipo akhalamo zaka mazana ambiri. Moyo wawo unamangidwa pa chomera chotchedwa !nara, cha banja la maungu ndi mavwende. Chilibe masamba, ndi minga yobiriwira yokhayokha, ndipo muzu wake umatsika pansi kwambiri kukafika pa madzi. Mchenga ukachikwirira chimangophukira pamwamba, mpaka pamapangika chulu chachikulu chimene chimasunga mbewa, abuluzi ndi tizilombo tambirimbiri. Zipatso zake ndi zozungulira, zaminga, za mnofu wachikasu. A Topnaar amaziphika m'migolo, n'kusefa nthanga, ndipo phala lake amalithira pamchenga woyera kuti liume likhale chikumba chosungika miyezi. Nthanga amadya, ena amagulitsa, ndipo masiku ano amayengeramo mafuta. Kale banja lililonse linali ndi zitsamba zake zodziwika, ndipo kuthyola za mnzako unali mlandu. Nkhandwe nayo imadya chipatsochi n'kukafesa nthanga kutali.

Pamene boma la atsamunda la Germany linalengeza mu 1907 kuti dera limeneli ndi malo osungira nyama, a Topnaar anali momwemo. Malowo ndi amene anakula n'kukhala paki ya Namib-Naukluft. Anthuwa anapezeka akukhala m'paki, pa dziko la makolo awo, opanda mphamvu pa dzikolo. Kenako tauni ya Walvis Bay inayamba kupopa madzi apansi a mtsinjewu, ndipo kumunsi kwake kunamangidwa khoma loteteza tauniyo ku madzi osefukira, limene linatseka njira imodzi ya mtsinje. Minda ina ya !nara inafota. Wolemba mapu akalemba kuti malo ndi opanda kanthu, oyamba kupwetekedwa amakhala anthu amene sanawawerenge.

Miyala ya dayamondi ija inatulukira mu 1908, pamene wantchito wa pa njanji, Zacharias Lewala, anatola mwala wonyezimira kufupi ndi Lüderitz. Chaka chomwecho Ajeremani anatseka dera lalikulu la kummwera, masikweya kilomita pafupifupi 26,000, n'kulitcha Sperrgebiet, dera loletsedwa. Kumene ankakumba anasanduliza gombe lonse. Koma gawo lalikulu la dera lotsekedwalo linakhala zaka 100 osapondedwa ndi munthu, ndipo mu 2008 linakhala paki, imene lero imatchedwa Tsau ǁKhaeb. Sindinganene kuti umbombo unachita bwino. Ndikungonena kuti chimene chinasunga malowo n'chakuti anthu ndi magalimoto sanalowemo. Lero m'paki yomweyo mwakonzedwa ntchito yaikulu yopanga mpweya wa hydrogen pogwiritsa ntchito mphepo ndi dzuwa, ndipo kumpoto, pakati pa Namib, kuli migodi ya uranium: Rössing kuyambira 1976, kenako Langer Heinrich ndi Husab. Namibia ikufuna ntchito za ana ake monga momwe ife tikuzifunira, ndipo sindingaime pano kuiuza kuti ikhale ndi njala pofuna kusunga zikumbu. Chimene ndikukana ndi chifukwa chimene amapereka kawirikawiri posankha malo otere, chakuti kumeneko kulibe chowonongeka.

Chowonongeka chilipo, ndipo china chimawonongeka ndi masewera chabe. Pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay alendo amakonda kuthamangitsa njinga zamoto za mawilo anayi ndi magalimoto pamchenga. Pa phiri la mchenga mphepo imafafaniza matayala usiku umodzi, n'chifukwa chake woyendetsa amaganiza kuti sanalakwe. Koma nalimata, kanjoka ndi mphutsi zimene zinali masentimita ochepa pansi pa tayala zaphwanyika. M'zigwa za timiyala ndiye zimanyanya. Nthaka ya pamenepo ili ndi kachikhakha kopyapyala, ndipo pamwamba pake pamamera ndere zimene zimakhalira nkhungu yomweyo, zokula pang'onopang'ono kwambiri. Galimoto imodzi ikadutsa, mzere wake umaoneka kwa zaka makumi ambiri. Mbalame ya m'nyanja yotchedwa Damara tern imaikira dzira limodzi lokha pansi poyera, lofanana ndi timiyala, moti woyendetsa saliona n'komwe. Pofuna kuchepetsa zoterezi, boma linakhazikitsa paki ya Dorob mu 2010 n'kupatula malo ololedwa kuyendetsamo. Ngakhale zinali choncho, pamene filimu ya Mad Max: Fury Road inkajambulidwa m'derali mu 2012, anthu osamala zachilengedwe a ku Swakopmund anadandaula kwambiri ndi mizere ya magalimoto imene inatsala.

Mpanda ungaletse galimoto. Sungasunge zija zobwera kuchokera kutali. Mtsinje wa Orange lero uli ndi madamu akuluakulu, monga Gariep ndi Vanderkloof, amene amagwira mchenga umene ukanapita kunyanja, ngakhale kuti pa nkhokwe ya zaka miliyoni kusintha kwake sikudzaoneka m'masiku athu. Udzu wobwera ndi mphepo umadalira mvula ndi kadyetsedwe ka ziweto kum'mawa. Madzi a pansi pa Kuiseb amadalira mvula ya kumapiri ndi kuchuluka kwa amene akupopa. Nkhungu imadalira kuzizira kwa nyanja, ndipo zaka zina, monga 1984 ndi 1995, madzi ofunda ochokera ku Angola analowerera kummwera n'kusokoneza gombe lonse. Ngati kutentha kwa dziko kungasinthe kayendedwe ka chifunga, chikumbu cha pamsonga pa phiri chidzaweramitsa mutu pachabe, ngakhale chili pakatikati pa paki yotetezedwa ndi malamulo onse. Malamulo aakulu a Namibia a mu 1990 ali ndi ndime yolamula boma kusamalira zachilengedwe, ndipo dzikolo liyenera kuyamikiridwa pa chimenechi. Koma woyang'anira paki alibe ulamuliro pa nyanja kapena pa damu la m'dziko la eni.

Inu ophunzira, ena mwa inu mudzalembedwa ntchito yoyendera malo asanakumbidwe mgodi kapena kumangidwa msewu, n'kulemba lipoti lonena zimene zilipo. Mverani nkhani iyi. Pa gombe la mchenga la ku Port Nolloth, ku South Africa, kunali mfuko ina, mbale wake wa ija ndafotokoza, yotchedwa De Winton. Akatswiri anaiona komaliza m'zaka za m'ma 1930, ndipo ambiri ankati inatha. Gulu la Endangered Wildlife Trust, pamodzi ndi akatswiri a ku mayunivesite a m'dzikolo, linayenda m'mphepete mwa nyanja ndi galu wophunzitsidwa kununkhiza, likutapa mchenga m'njira zimene mfuko zinadutsa. Mumchengamo anapezamo DNA yotsalira kuchokera ku ubweya ndi khungu, ndipo mu Novembala 2023 analengeza kuti nyamayo ilipo. Zaka zopitirira 80 inali pomwepo, pa gombe limene anthu akhala akukumbapo dayamondi ndi kumangapo nyumba.

Ku Gobabeb akhala akutchera zikumbu m'timabekete tokwiriridwa pansi, kuziwerenga n'kuzimasula, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kuwerenga kwa nthawi yaitali chonchi n'kumene kunaonetsa kuti mitundu ina imachuluka mvula ikagwa, kenako n'kuchepa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mpaka kuoneka ngati yatha, n'kudzabwereranso. Munthu wopita kumeneko sabata imodzi, masana, chaka chouma, adzalemba moona mtima kuti sanapeze kanthu, ndipo lipoti lake lidzakhala labodza. Tsono lipoti la malo a mchenga likadzafika pa tebulo lanu, mudzafunse kuti anapitako miyezi iti, ngati anagonako usiku wa nkhungu, ngati anadzuka m'bandakucha kukawerenga mapazi mphepo isanawafafanize, ngati anatapa mchenga kukauyeza, ndiponso ngati anakhala pansi ndi anthu okhala kumeneko. Mayankho akakhala akuti ayi, musadzasainire.